Kugula zithunzi za midzi ya ku France: okushoni, shopu, kaunjika kapena zapapepala

Tsiku limene ndinapita ndi chithunzi changa choyamba kwa mayi wina wokonza zithunzi zakale, ndinkayenda modzimva. Chinali chithunzi chopenta cha kamudzi ka ku France: nyumba zinayi zamiyala, nsanja ya tchalitchi, mitengo ya maapozi, ndi mayi wa duku loyera akukusa atsekwe. Pakona yakumanja panali dzina la wojambula amene ndinkamuwerenga m'mabuku, ndipo ndalama imene ndinalipira inali yochepa moti ndinkadziona wochenjera kuposa Afalansa onse. Mayiwo kutsogolo sanayang'aneko n'komwe. Anachigoneka chafufumimba pa tebulo loyalidwa bulangete n'kuyamba kuwerenga kumbuyo kwake ngati kalata. Chinsalu chinali chakale ndithu, chofiirira ngati fodya wouma, misomali yake yadzimbiri. Koma panalibe kapepala ngakhale kamodzi ka shopu kapena ka chionetsero, panalibe nambala, panalibe chidindo. Atatero anazimitsa getsi n'kuyatsa tochi ya UV. Vanishi wakale anawala mobiriwira monga achitira, koma dzina lija linada bii, litangokhala pamwamba pa vanishiyo ngati ntchentche mu mkaka. Chithunzi chinali cha zaka zoposa 100, dzina linali ladzulodzuloli.

Kuchokera tsiku limenelo ndinaleka kufunsa kumene zithunzi zimatchipa. Njira iliyonse yogulira ndimaiyeza ndi funso limodzi: chithunzi chikapezeka kuti si chimene ananena, asenze katunduyo ndani, ine kapena wogulitsa? Kumene wogulitsa amavomera kusenza, mtengo umakwera. Kumene amakusiyirani nokha, mtengo umatsika, ndipo kutsikako anthu amakutcha mwayi.

Zithunzi zake ndi ziti

Dzina loti Post-Impressionism analiyambitsa Roger Fry wa ku England pa chionetsero cha ku Grafton Galleries, ku London, mu 1910. Panthawiyo Van Gogh, Seurat, Gauguin ndi Cézanne onse anali atamwalira, ndiye palibe mmodzi wa iwo amene anadzitchulapo choncho. Chimene chimawaika m'gulu limodzi n'chakuti anabwera pambuyo pa Monet ndi anzake a gulu la Impressionism, amene chionetsero chawo chomaliza monga gulu chinachitika mu 1886, ndipo aliyense anatenga mitundu yowala ya akuluakuluwo n'kuipititsa kwake. Ambiri anachoka ku Paris kupita kumidzi, china chifukwa cha kukongola, china chifukwa cha umphawi. Gauguin anafika ku Pont-Aven, m'chigawo cha Brittany, mu 1886, n'kukakhala kwa mayi Marie-Jeanne Gloanec amene ankalola ojambula kudya pangongole. Van Gogh anatha masiku pafupifupi 70 omaliza a moyo wake ku Auvers-sur-Oise mu 1890, akujambula pafupifupi chithunzi chimodzi patsiku: madenga audzu, minda ya tirigu, tchalitchi.

Anayi aja, Van Gogh, Seurat, Gauguin ndi Cézanne, achotseni m'maganizo. Mu November 2022, pogulitsa chuma cha malemu Paul Allen, mmodzi wa oyambitsa kampani ya Microsoft, ku nyumba ya okushoni ya Christie's ku New York, chithunzi cha Cézanne cha phiri la Sainte-Victoire chinapita pa madola 137.8 miliyoni, ndipo cha Van Gogh cha munda wa zipatso ku Arles pa 117.2 miliyoni. Zoterozo munthu amakaonera ku myuziyamu ya Musée d'Orsay ku Paris, kapena ku Courtauld Gallery ngati muli ku London, kumene kuli chithunzi cha Gauguin cha 1889 cha anthu akuunjika udzu ku Brittany.

Msika weniweni wa osonkhanitsa uli pa mzere wachiwiri. Pali Henry Moret ndi Maxime Maufra a magombe ndi midzi ya Brittany, amene onse anachita mgwirizano ndi wogulitsa wotchuka Paul Durand-Ruel mu 1895. Pali Gustave Loiseau amene anawatsatira mu 1897, wa kapentedwe kopingasa ngati kuluka mphasa. Pali Henri Martin amene anagula nyumba ku Labastide-du-Vert mu 1900 n'kujambula mlatho ndi tchalitchi cha mudziwo mobwerezabwereza mpaka ukalamba, ndi Henri Le Sidaner wa ku Gerberoy, wa matebulo oyalidwa panja popanda munthu. Armand Guillaumin anawina lotale ya mafulanki 100,000 mu 1891, n'kusiya ntchito kukajambula chigwa cha Creuse ku Crozant, ndipo anajambula zambiri moti sizisowa pamsika. Chithunzi chabwino cha penti wamafuta cha anthu amenewa chimadya mayuro masauzande makumimakumi, ndipo zokongola kwambiri zimadutsa 100,000. Pansi pawo pali mzere wachitatu wa ojambula a m'zigawo amene mayina awo amadziwika m'boma lawo lokha, kapena sadziwika n'komwe. Zawo mukhoza kuzipeza ndi mayuro mazana angapo. Wakuba amagwira ntchito pakati pa mizere iwiriyi: amagula cha mzere wachitatu n'kuchilemba dzina la mzere wachiwiri, monga anachitira ndi atsekwe anga aja.

Nyumba zikuluzikulu za okushoni

Christie's, Sotheby's ndi Bonhams zimagulitsa a Loiseau ndi a Martin pa malonda a masana, tsiku lotsatira usiku wa zithunzi za mamiliyoni. Ubwino wake ndi woonekeratu. Zithunzi zimapachikidwa masiku angapo kuti aliyense aone mwaulere. Mukapempha, amakutumizirani lipoti la mmene chithunzicho chilili ndi zithunzi za kumbuyo kwake. M'katalogi amalemba m'manja mmene chadutsa, ndipo nthawi zambiri amanena ngati chili m'kaundula wa ntchito zonse za wojambulayo, amene Afalansa amati catalogue raisonné. Kaundulayu ndiye chiphaso cha chithunzi. Wa Le Sidaner anatuluka mu 1989, wa Pissarro watsopano mu 2005, ndipo kwa ojambula amene kaundula wawo akulembedwabe, pamakhala katswiri kapena komiti imene imapereka kalata yoti chithunzicho chidzalowamo. Chithunzi cha dzina lodziwika chopanda kaundula kapena kalata yotereyi chili ngati galimoto yopanda buluu buku: chingakhale chenicheni, koma mudzavutika pochigulitsa.

Christie's ndi Sotheby's zimalonjeza kubweza ndalama m'zaka 5 ngati chithunzi chapezeka chabodza. Werengani mawu a lonjezolo bwinobwino. Limakhudza dzina la pamutu, osati zonse zolembedwa m'munsi. Ndi la amene anagula yekhayo, silipita kwa amene mwamugulitsa. Ndipo umboni muubweretsa ndinu. Silikhudzanso kuwonongeka. Ngati theka la thambo analipentanso munthu wina mu 1960, imeneyo ndi yanu.

Vuto lalikulu la njirayi ndi mtima wanu. Mtengo woyerekeza amauika pansi dala kuti anthu ambiri akweze manja, ndipo m'mphindi imodzi munthu amene analumbira kuti sapitirira 20,000 amapezeka ali pa 31,000 chifukwa sakufuna kugonja kwa mawu a pafoni amene sakuwadziwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pamwamba pa mtengo wa panyundo pamabwera komishoni yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ine ndimalemba malire anga papepala usiku wake, komishoni nditaiwerengera kale, n'kusiya nambalayo kwa a nyumbayo kuti andipikisanire ine kulibe.

Drouot ndi okushoni za m'zigawo za France

Apa ndipo pali nkhani, chifukwa zithunzizi zimachokera kuno, m'nyumba za agogo amene amwalira ndipo ana akugawana chuma. Hôtel Drouot ya ku Paris inatsegulidwa mu 1852. Si kampani imodzi ayi, ndi nyumba ya zipinda zambiri imene ogulitsa osiyanasiyana amachita lendi, lero mipando, mawa zithunzi. Amene anaonako malonda a fodya ku Kanengo kapena ku Limbe sangadabwe ndi liwiro lake: katundu amadutsa msanga, ndipo odziwa amakhala atamugwiragwira kale m'mawa. Kunja kwa Paris, pafupifupi tauni iliyonse yaikulu ili ndi commissaire-priseur wake, kutanthauza woyendetsa okushoni wovomerezeka, ndipo ena ali ndi luso pa dera lawo. Nyumba ya Thierry-Lannon ya ku Brest, mwachitsanzo, imadziwika ndi ojambula a Pont-Aven. Malonda ambiri mukhoza kuwatsatira pa intaneti kudzera pa tsamba la Interencheres kapena la Drouot.

Chimene chimasiyanitsa France ndi maiko ena ndi lamulo la pa 3 March 1981, lodziwika kuti décret Marcus, limene linapatsa mawu a m'katalogi tanthauzo la kukhothi. Munthu wosadziwa Chifalansa aphunzire mawu ochepawa asanakweze dzanja. Akalemba dzina la wojambula popanda kuwonjezera chokayikitsa, kapena akati "par" kapena "de" wakuti, akulonjeza kuti ndi iyeyo. Akati "attribué à", akunena kuti chinajambulidwa m'nthawi yake ndipo pali zifukwa zamphamvu zomuganizira, koma sakulumbira. "Atelier de" ndi cha m'nyumba yake yogwirira ntchito kapena chopangidwa iye akuyang'anira. "École de" kutsogolo kwa dzina la munthu ndi cha wophunzira wake kapena womutsanzira wapafupi, chopangidwa mwiniyo ali moyo kapena zisanathe zaka 50 atamwalira. Koma "dans le goût de", "manière de", "style", "genre de" ndi "d'après" sizilonjeza kanthu. N'chimodzimodzi kunena kuti chikufananako.

Nditachoka kwa mayi a tochi aja ndinakatsegulanso katalogi imene ndinagulira, ndili wokonzeka kukalipa. Pamutu sanalembe dzina la wojambula. Analemba "École française, vers 1900", ndipo m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono, "porte une signature apocryphe". Ine wokulira m'tchalitchi, wodziwa bwino za mabuku a Apokirifa, sindinaime kuganiza kuti mawuwo akunena sayini yosavomerezeka. Wogulitsa anali atanena zoona. Amene anadzinamiza ndi maso anga, amene anaona dzina pa chithunzi n'kuleka kuwerenga. Safunsa anadya phula.

Ngati nyumbayo yalonjezadi ndipo yalakwitsa, muli ndi zaka 5 kuchokera tsiku la malonda zoti muisumire pamodzi ndi katswiri wake. Lamulo lilipo, koma kusuma mlandu ku Rennes muli ku Blantyre kapena ku Leeds ndi nkhani ina, ndipo pa chithunzi cha mayuro 3,000 loya adzadya zoposa pamenepo.

Pali zina ziwiri zoti muzidziwe ku France. Boma lili ndi ufulu wolowa m'malo mwa wogula: nyundo ikangogunda, nthumwi ya myuziyamu imaimirira n'kulengeza kuti boma likutenga pa mtengo womwewo, ndipo limakhala ndi masiku 15 otsimikizira. Simutaya ndalama, mumangotaya chithunzi. Chachiwiri ndi chilolezo chotulutsira kunja. Kuyambira mu 2021, chithunzi chopenta cha zaka zoposa 50 chimafuna satifiketi ya boma la France ngati mtengo wake wafika mayuro 300,000, ndipo kuti chituluke mu European Union chimafuna laisensi kuyambira pa 150,000. Za penti wamadzi ndi zosindikiza malire ake ndi otsika kwambiri. Ambiri a ife izi sizitikhudza, koma amene zimukhudza adikire miyezi.

Masamu a njirayi ndi awa. Nyundo ikagunda pa mayuro 10,000 ndipo komishoni ndi 28 pa 100 iliyonse, mwafika kale pa 12,800. Onjezani kandalama ka tsamba la intaneti ngati munapikisana pakompyuta, bokosi, wonyamula ndi inshuwalansi. Chithunzi chikamalowa m'dziko la Britain chimalipira VAT ya 5 pa 100 iliyonse. Kenako wokonza, chifukwa chithunzi chochoka m'nyumba ya agogo chimabwera ndi utsi wa zaka 80. Ngakhale zili choncho, pa chithunzi chimene chili m'kaundula, kuno ndiko kumene ndalama yanu imagula chachikulu. Ogulitsa a m'mashopu a London ndi Paris amapikula komweku.

Mashopu a zithunzi ndi zionetsero zamalonda

Chithunzi chomwecho chimene chinagulidwa ku Brest mu December mukhoza kuchipeza m'shopu ya ku Mayfair, ku London, mu June, chitatsukidwa, chitavekedwa felemu yagolide, mtengo utakwera kwambiri, mwina kuwirikiza. Anthu ambiri akamva zimenezi amakwiya. Ine ndinaleka kukwiya. Wogulitsayo analipira katswiri, analipira wokonza, anafufuza m'mabuku akale, ndipo koposa zonse anasenza ngozi imene ine ndinaigwera. Mwa zithunzi khumi zimene anagula, china chinamuwotcha, ndipo mtengo wa chimenecho uli m'kati mwa zinazo.

Zimene mumapeza m'shopu ku okushoni kulibe. Mumakhala ndi nthawi, palibe nyundo. Mukhoza kunenerera, ndipo wogulitsa amayembekeza kuti munenerera. Ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono, ena amalola kuti chithunzi chikagone kwanu masiku angapo muchione ndi kuwala kwa pabalaza panu. Wogulitsa wabwino amakuphunzitsani ngakhale simunagule, chifukwa akudziwa kuti mudzabweranso. Chofunika n'chakuti zonse zimene wanena pakamwa zilembedwe pa invoisi: dzina, chaka, kukula, nambala ya m'kaundula, zimene zinakonzedwa, ndi mawu oti adzabweza ndalama chikapezeka chabodza. Akayamba kuzengereza pamenepo, tsanzikani.

Pa zionetsero zikuluzikulu monga TEFAF ya ku Maastricht, imene imachitika mu March, kapena BRAFA ya ku Brussels mu January, katundu amayamba wayesedwa ndi makomiti a akatswiri chionetsero chisanatsegulidwe, ndipo chokayikitsa amachichotsa kapena amasintha mawu ake. Ku TEFAF ogulitsa amatulutsidwa m'holo pa nthawi yoyesayo. Mitengo ya kumeneko ndi ya anthu olemera, koma tikiti yolowera ndi sukulu yotchipa: tsiku limodzi mumaona a Martin ndi a Loiseau enieni ambirimbiri pafupi, mphuno pa chinsalu, mpaka diso limayamba kuzolowera mmene bulashi ya aliyense imayendera.

Munthu amene akugula chithunzi chake choyamba cha ndalama yoopsa, ndipo alibe mnzake wodziwa, ndimamuuza kuti ayambire kuno. Adzalipira zambiri, koma adzagona tulo.

Kaunjika ndi intaneti

Misika ya zakale monga ya Saint-Ouen kumpoto kwa Paris, timisika ta zakale ta m'midzi totchedwa brocante Lamlungu m'mawa, eBay ndi magulu a pa Facebook: uyu ndi kaunjika, ndipo malamulo ake mukuwadziwa. Mukhoza kutolamo chinthu chokongola. Dzina lalikulu simudzalitola, chifukwa ogulitsa odziwa amakhala atadutsa ndi matochi kusanache.

Nkhani imene imasokoneza anthu mitu ndi ya chithunzi cha Van Gogh cha dzuwa likulowa ku Montmajour, cha 1888, chimene chinakhala zaka zambiri kudenga kwa nyumba ina ku Norway mwini wake atauzidwa kuti n'chabodza. Van Gogh Museum ya ku Amsterdam inachikana mu 1991, n'kudzachivomera mu 2013. Aliyense amakumbukira denga. Amene amakumbukira chimene chinachipulumutsa ndi ochepa: nambala 180 yolembedwa kumbuyo, yofanana ndi ya m'ndandanda wa zithunzi za Theo, mng'ono wake wa Vincent, komanso kalata ya Vincent ya July 1888 yofotokoza malowo. Chinali ndi mapepala, kungoti anthu anali asanawawerenge.

Nkhani yoyenera kuikumbukira ndi ya ku Elne, kufupi ndi Perpignan. Tauniyi ili ndi myuziyamu ya mwana wa kwawo, Étienne Terrus, wojambula midzi ndi magombe a deralo amene anamwalira mu 1922. Mu 2018 zinadziwika kuti zithunzi 82 mwa 140 za m'myuziyamuyo zinali zabodza. Zina zinkaonetsa nyumba zimene zinamangidwa Terrus atamwalira kale. Tauniyo inali itawonongapo mayuro pafupifupi 160,000. Taonani kuti Terrus si dzina lalikulu. Akuba amakonda mayina apakatikati, chifukwa palibe amene amatumiza chithunzi cha mayuro 2,000 kulabotale. Ngati anthu a m'tauni ya wojambulayo ananamizidwa zaka zambiri, inu wa pafoni muli ku Area 25 mudzapulumuka bwanji? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njirayi ndi yabwino pa chinthu chimodzi: kugula chithunzi chopanda dzina chimene mwachikonda, pa ndalama imene simungalire itatayika. Kumeneko palibe wokunamizani, poti palibe chimene walonjeza.

Zapapepala

Iyi ndi njira imene anthu amainyoza, ndipo ndi imene ine ndikanayambira ndikanakhala ndi nzeru. Ojambula a nthawi imeneyi ankasindikiza okha zithunzi pamwala, pachitsulo ndi pathabwa, ndipo zimenezi ndi ntchito zawo zenizeni, osati mafotokope. Henri Rivière, amene anali ndi nyumba ku Loguivy ku Brittany, anatulutsa zithunzi zamitundu za pamwala za midzi, madoko ndi minda, monga mndandanda wa Le Beau Pays de Bretagne wa pakati pa 1898 ndi 1917. Anazisindikiza zambiri dala kuti anthu wamba azipachika m'nyumba, ndiye mpaka lero mtengo wake ndi wofikirika. Maufra anasiya zosindikiza za pachitsulo zabwino. Pissarro, amene anakhala ku Éragny kuyambira 1884 ndipo kwa zaka zingapo anatsata kapentedwe ka madontho ka Seurat, anasindikiza amayi a kumunda, oweta ng'ombe ndi misika ya m'midzi.

Ubwino wa pepala ndi wakuti muli ndi choyerekezera. Chosindikiza chilichonse chili ndi anzake m'mamyuziyamu, kukula kwake kunalembedwa mpaka milimita, ndipo bodza limagwidwa ndi rula ndi galasi lokulitsira: chosindikiza cha makina a masiku ano chimaonetsa timadontho tandondomeko ngati ta m'nyuzipepala. Msampha wake ndi wina: chinasindikizidwa liti? Zithunzi 11 zimene Gauguin anatulutsa mu 1889, pa nthawi ya chionetsero cha ku Café Volpini ku Paris, anazisindikiza pa pepala lachikasu chowala. Wogulitsa zithunzi Ambroise Vollard anadzazisindikizanso pambuyo pake pa pepala lina, ndipo mitengo ya ziwirizi ndi yotalikirana kwambiri. Za Pissarro zilipo zimene anasindikiza yekha, zochepa, ndi zimene banja lake linasindikiza m'zaka za m'ma 1920 iye atamwalira, zokhala ndi chidindo cha C.P. (Camille Pissarro) ndi nambala. Zonse n'zovomerezeka, koma musalipire mtengo wa zoyambazo pa zachiwirizo. Funsaninso ngati m'mphepete anadula, ngati pepala analimata pa katoni, ndi ngati mitundu inafwifwa ndi dzuwa, chifukwa mtundu wofwifwa subwerera.

Za makampani amene amagulitsa masheya a chithunzi chimodzi kwa anthu mazanamazana sindinenapo zambiri. Chithunzicho simuchipachika, simuchigwira, ndipo tsiku logulitsa amasankha ndi iwo. Amenewo ndi malonda a ndalama, si kusonkhanitsa.

Chimene chimaluma pa njira zonse

Pali bowo limodzi limene ngakhale nyumba yaikulu singakutsekereni: zaka za 1933 mpaka 1945. Zithunzi zambiri za mtundu uwu zinali za mabanja Achiyuda a ku France ndi Germany, ndipo zinalandidwa ndi a Nazi ndi ogwirizana nawo. Chithunzi cha Pissarro cha 1887 cha amayi akuthyola nsawawa chinalandidwa kwa Simon Bauer mu 1943. Banja lina la ku America linachigula ku Christie's ya ku New York mu 1995 pa madola 800,000, mosadziwa mbiri yake. Mu 2017 linachibwereketsa ku Musée Marmottan ku Paris, adzukulu a Bauer anachiona, ndipo khothi linalamula kuti chibwerere kwa iwo. Khothi lalikulu la apilo la France linatsimikiza chigamulocho mu 2020. Ogulawo anatsala manja lende. Choncho mukaona mbiri ya chithunzi yalumpha kuchoka mu 1928 kufika mu 1955, funsani. Art Loss Register ya ku London imafufuza pamtengo wochepa, ndipo kaundula wa Lost Art wa ku Germany ndi waulere pa intaneti.

China ndi thupi la chithunzicho. Pemphani chithunzi cha kumbuyo nthawi zonse. Kapepala ka Durand-Ruel kokhala ndi nambala ya sitoko ndi chuma, chifukwa mabuku a kampaniyo akusungidwabe ku Paris ndipo nambalayo ikhoza kutsatidwa. Chidindo cha shopu imene inagulitsa chinsalu chimathandiza kudziwa zaka. Zinsalu za ku France zinkagulitsidwa m'miyeso yokhazikika, monga masentimita 65 kwa 54, 73 kwa 60 ndi 81 kwa 65, ndiye muyeso wachilendo nthawi zina umatanthauza kuti wina anadula. Ngati kumbuyo anamatako chinsalu chatsopano, yang'anani kutsogolo ndi tochi yopendekera: okonza akale ankasita ndi simbi yotentha, ndipo penti wonenepa wa Moret kapena Martin, amene ndiye kukoma kwake, ankaphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa. Penti woyera wa titanium anayamba kugulitsidwa cha m'ma 1920, ndiye akapezeka m'kati mwa chithunzi cholembedwa 1895 nkhani yatha. Koma pa Loiseau kapena Martin wa m'ma 1930 sizitsutsa kanthu.

Kwa amene akufuna kubweretsa chithunzi kumudzi, pali zina zoganizira. Ogulitsa amafuna mayuro m'masiku ochepa, ndipo aliyense wa ku Malawi akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kubanki, ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023. Konzani ndalamazo musanapikisane, chifukwa nyundo ikagunda ndi ngongole. Chikafika, adani ake ndi a pakhomo pomwe. Zinthuzi zimafuna chinyezi chapakatikati chosasinthasintha, pamene kwathu October amauma gwaa ndipo January makoma amachita thukuta. Chinsalu chimakoka ndi kumasuka, penti n'kumang'ambika. Pepala limachita chuku ndi timadontho tofiirira, ndipo chiswe chimakonda thabwa la kumbuyo kwa felemu. Pachikani pa khoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi zenera, khitchini ndi bafa, musiye kampata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, ndipo kawiri pachaka muzichitsitsa n'kuchitembenuza.

Mndandanda wanga, wina akandifunsa, umayenda chonchi. Wa ndalama zochepa ayambe ndi Rivière kapena Maufra wapapepala kwa wogulitsa wodziwika, ndipo chaka chimenecho aziwerenga makatalogi a Drouot ngati nyuzipepala osagula kanthu. Wa ndalama zambiri koma diso losaphunzira apite kushopu. Okushoni ya m'zigawo ndi ya amene waphunzira mawu a décret Marcus, wapempha chithunzi cha kumbuyo, ndipo ali ndi munthu ku France woti akachigwire ndi manja. Nyumba zikuluzikulu ndimaziika pakati pa ziwirizi, pa mtengo ndi pa chitetezo pomwe.

Atsekwe aja ndikadali nawo. Mayi aja anafufuta dzina labodzalo ndi kathonje konyowetsa m'mankhwala, mphindi zosakwana khumi, ndipo pansi pake panatuluka udzu wobiriwira ndi mwendo wa tsekwe wachisanu amene wakubayo anamukwirira kuti apeze polemba.